Mkono wa Msuweni Wanga

Chinali chipepala chakuda, cholimba ngati pulasitiki, ndipo ukachigwedeza chinkalira ngati lata lopyapyala. Amayi ankachisunga mu envelopu yakhaki, pansi pa zovala za kutchalitchi. Ukachiika pamphasa sunkaona kanthu. Koma ukachikwezera kudzuwa munkatuluka mafupa awiri oyera, ogonerana ngati mapesi, limodzi lili ndi mng'alu wopingasa pafupi ndi dzanja. Unali mkono wa msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume, monga anaujambulira kuchipatala. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo panalibe chomwe ndinkachilakalaka kuposa kuti mkonowo ukadakhala wanga.

Amalume anabwera naye kumayambiriro kwa nyengo yozizira, tikukumba mtedza. Ankakhala cha ku Kasakula, awiriwiri ndi mwanayo chimwalirire mayi ake. Anamutsitsa panjinga, mkono atauzenga m'chitenje ndi timitengo tansungwi, zala zitatupa ngati chinangwa chophika. "Wagwa pangolo," anatero. Amayi anawayalira mphasa koma sanakhale. Anati fodya akuwadikira, n'kutembenuza njinga. M'mawa mwake nkhungu isanachoke m'mapiri, amayi anamukweza pa kabaza mpaka ku Mponela, n'kukagwira minibasi ya ku Madisi, komwe kuli chipatala. Anabwerako patatha masiku awiri, msuweni wanga ali ndi chikhakha choyera mbee kuyambira m'zala mpaka kupitirira chigongono.

Kuyambira tsikulo ndinasanduka wantchito pakhomo pa amayi anga. Umu ndi momwe ndinkaonera nthawi imeneyo. Madzi a kumjigo ndine, kuthothola mtedza ndine mpaka zala zinang'ambika, mbale ndine. Iye ankakhala pakhonde kuothera dzuwa. Amayi ankamusambitsa okha kubafa, mkono ataukulunga m'jumbo kuti usanyowe. Ankamuluka tsitsi. Nkhuku yathu yamawangamawanga ikaikira, dzira linali lake, ati fupa limafuna chakudya. Ndimakumbukabe fungo la dziralo likukazingidwa, ine ndili ndi mbale ya nkhwani wotendera m'manja. Ndikanyinyirika amayi ankangoti, "Iwe uli ndi manja awiri." Ndinkawamva ngati mawu otukwana.

Kusukulu kokha n'komwe ndinali ndi ufumu wanga. Teremu imeneyo mu Sitandade 6 tinkaphunzira za mafupa. Sukulu yathu inalibe chithunzi cha m'buku chachikulu, ndiye aphunzitsi a sayansi anajambula okha munthu wamafupa okhaokha pathumba la feteleza lotambasula, n'kulikhoma kukhoma ndi minga. Palibe ankandiposa. Popita kumjigo ndinkadzigwira chiwalo ndi chiwalo, ndikuloweza. Chibade chimatchinjiriza ubongo. Nthiti ndi khola la mtima ndi mapapo. Msana ndi mzati, popanda iwo munthu sangaime. Nsagwada ya m'munsi ndiyo imayenda tikamatafuna. M'kati mwa mafupa akuluakulu muli mafuta aja timayamwa tikadya nyama, ndipo mwa munthu wamoyo ndi momwe mumapangidwa magazi. Mayina achingerezi ndinkawatchula osapunthwa. Aphunzitsi ankanditcha "adokotala athu," ndipo ndinkayenda nalo dzinalo ngati nsapato zatsopano.

Kenako amayi anakamulembetsa msuweni wanga m'kalasi lomwelo.

Sankadziwa kanthu. Sindikunena mwanjiru, anali atajomba miyezi yambiri kwawo. Koma anali ndi chikhakha. Pa nthawi yopuma ana ankamuunjirira, aliyense kufuna kugogoda ndi chala kuti amve kulira kwake, aliyense kufuna kulembapo dzina ndi bolopeni. Kukamuyabwa m'kati, atsikana ankalimbirana kumuthyolera udzu woti alowetse. Anzanga enieni, omwe ndinkawaonetsa mayankho a masamu, ankamunyamulira mabuku.

Aphunzitsi atamva za chithunzi chija anatuma uthenga kwa amayi kuti abwereke. Tsikulo analichotsa thumba la feteleza, n'kuima pawindo, chipepala chili m'mwamba. "Awa si mafupa ojambula ndi makala," anatero. "Awa ndi a mnzanuyu." Anamuitana kutsogolo, pamalo pomwe ndinkaima ine. Anationetsa mafupa awiri a mkono, momwe limodzi limazungulirira linzake tikatembenuza chikhatho. Anatiuza kuti fupa si mtengo wouma, ndi lamoyo. Likathyoka limadzilumikiza lokha, chikhakha chimangoligwira kuti lisasunthe, ndipo polumikizanapo pamatsala potupa ngati mfundo ya nzimbe. Ndinakweza dzanja kuti ndinene dzina lachingerezi la fupa lothyokalo. Sanandione. Chala chawo chinali chitaima m'mwamba pang'ono, pafupa linalo, pomwe panali kale mfundo yotero.

"Apa unathyokapo kale?"

"Sindikudziwa, aphunzitsi."

Aphunzitsi anabwezera chithunzicho mu envelopu. Sanamupatse kuti anyamule. Titaweruka anabwera nacho okha kwathu, wapansi, n'kukaima ndi amayi kuseri kwa nkhokwe, akulankhula motsitsa mawu. Ine ndinali nditakhala nambala wani materemu anayi otsatizana, ndipo phazi lawo linali lisanapondepo pakhomo pathu. Ndinalira m'chigafa cha fodya, pomwe panalibe wondiona.

Lero ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimachita manyazi kunena zomwe zinatsatira, koma zinachitika. Ndinaganiza zothyola mkono wanga. Ndinasankha wamanzere kuti ndizithabe kulemba. Loweruka lina masana ndinakwera pamwamba pa chigafa chomwecho, udzu ukundibaya m'mawondo. Kuchokera pamenepo mapiri a Ntchisi ankaoneka obiriwira modera, ndipo mphepo inkaluma m'makutu. Ndinapinda mkono pansi pa chifuwa, n'kutseka maso, n'kudumpha. Thupi linandikana. Mapazi ndiwo anatsogola, ndinagubuduka pamulu wa masangwi a mtedza, ndipo zomwe ndinapeza ndi bondo losupuka ndi diresi long'ambika mpaka m'chiuno.

Amayi anali ataona zonse ali pamtondo. Anathamanga, n'kundigwiragwira m'mikono, m'nthiti, m'khosi. Ataona kuti ndili bwinobwino, mantha awo anasanduka ukali. "Ukufuna undiphe?" Anakweza dzanja kuti andiombe khofi. Lisanatsike, tinamva kugwa kwa mbale. Msuweni wanga, yemwe anali pakhonde kutali ndi ife, anali atadzikhwinyata pakona, mutu pakati pa mawondo, mkono wabwinowo ataphimba nawo chibade. Sankalira. Ankangodikira.

Dzanja la amayi linatsika lokha. Anandisiya nditakhala m'masangwi, magazi akutsikira kumsongolo, n'kupita kukagwada pafupi ndi iye. Mumtima ndinati, taonani, ngakhale khofi langa lomwe wandilanda.

Chikhakha anakachichotsa mwezi wa Ogasiti, mphepo itayamba kuulutsa fumbi. Mkono unatuluka wowonda, wotuwa, khungu likusupuka ngati la njoka, ukununkha ngati nsanza yonyowa. Ana a kusukulu anauyang'ana tsiku limodzi n'kuiwala. Mayeso a sayansi ndinakhoza kuposa onse. Ndipo uthenga utafika wakuti amalume akubwera kudzamutenga, ndinamva ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Palibe anandituma, koma ndinamuchapira zovala, n'kuzipinda, n'kuzilongedza m'jumbo. Ndinamuikiramo ngakhale mpango wanga, kuti asapeze chifukwa chobwerera.

Amalume anafika ndi buledi ndi shuga, atameta bwino. Ulendo uno anakhala pamphasa. Amayi anawapatsa moni mwaulemu wonse, anawafunsa za fodya, anawapatsa madzi. Msuweni wanga anaima pakhomo la khitchini, atagwira mkono uja ndi dzanja linalo. Ine ndinatulutsa jumbo n'kuyiika pafupi ndi njinga.

"Bwezera m'nyumba," anatero amayi osandiyang'ana. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achimwene, mwanayu sapita."

"Ndi mwana wanga."

"Ndi wanu, sindikukana. Ngolo yanuyo ikadzasiya kachasu mudzabwere, tidzakambirane pamaso pa akuluakulu."

Amalume sanakweze mawu. Anayang'ana pansi, akusisita chipewa pabondo. Patapita nthawi anaimirira, n'kukankha njinga mpaka kumsewu osakwera. Buledi anamusiya pamphasa.

Panadutsa zaka ndisanalumikize zinthu zomwe munthu wamkulu aliyense pamudzipo ankazidziwa: kuti amalume sanakhalepo ndi ngolo, kuti mkonowo unathyoka kawiri ukutchinga kumutu, kuti aphunzitsi aja anawerenga pachithunzi zomwe sizinali m'phunziro lathu. Msuweni wanga anakulira kwathu mpaka kukwatiwa. Ndi iye amene anandigwira dzanja pobereka mwana wanga woyamba, ndipo mpaka lero kukazizira amati mkonowo umamuuza mvula isanabwere.

Koma tsiku limenelo ndinkangodziwa kuti sakuchoka. Ndinalowa m'nyumba, n'kukhuthulira zovala zake pansi, n'kusolola mpango wanga. Iye analowa pambuyo panga mwakachetechete, anagwada, n'kuyamba kuzipindanso chimodzichimodzi. Mapewa ake ankagwedezeka. Ndinkaganiza kuti akuseka.

"Iwe uli ndi mwayi," ndinamuuza, mawu akutuluka ndi misozi yaukali. "Zabwino zonse zimagwera iwe."

Anasiya kupinda. Anandiyang'ana ngati munthu wamkulu akuyang'ana khanda, ngakhale tinali obadwa chaka chimodzi.

"Eya," anatero. "Ndili ndi mwayi."

Ndinatuluka ndikumenyetsa chitseko, nditatsimikiza kuti wandinyoza.