Mfundo za pa Fupa la Mkono

M'mudzi wa Fengjiagou palibe amene amawaitana a Dou Gaihua ndi dzina lawo. Onse amangoti amake Baoku, poti Baoku ndiye mwana wamwamuna. Ali ndi wina wamkazi, Yaling, koma kwathu kuno mwana wamkazi akakwatiwa amati ndi madzi otayikira pabwalo, sawoleka.

A Gaihua anafika m'mudzimu ali mtsikana, atakwera bulu, kuchokera kuseri kwa mapiri atatu. Anakhala ndi amuna awo a Feng zaka makumi atatu m'nyumba yokumba m'khoma la dothi kumtunda kwa mudzi. Za a Feng sitinena zambiri poti anapita. Khasu ankalidziwa, koma akalawa kachasu wa mapira manja ankawayabwa. Atamwalira, Baoku anamanga nyumba ya njerwa pafupi ndi msewu n'kutenga amake. Nyumba yakumtunda ija inatsala ndi mitsuko ndi makoswe.

Anthu a m'tauni atabwera kudzakumba manda amakedzana kuseri kwa munda wa maapozi, analemba ntchito anthu a m'mudzi. Amuna ankasenza dothi, akazi ankasefa. Koma mkulu wa okumbawo, mayi wa magalasi amene onse ankamuti Aphunzitsi a Meng, anaona manja a a Gaihua, manja ozolowera kudula maluwa a pepala lofiira omata pazenera. Anawapatsa burashi ndi kansungwi kosongola, nawatsitsira m'dzenje momwe munali mafupa. Anakhalamo zaka zinayi osathyola n'kamodzi komwe ngakhale fupa la chala.

Anzawo osefa ankawanyogodola ali pamwamba.

"Amake Baoku, mwampeza mwamuna m'dzenjemo?"

"Ndampeza," ankayankha osadzutsa mutu. "Samwa, salalata, manja ali phee. Ndikanadziwa ndikanayambira kuno."

Chaka chachinayicho, maapozi atathyoledwa ndipo mphepo itayamba kuluma makutu, anawapatsa manda a m'mphepete. Manda enawo anali pamzere, mitu kuloza kumodzi, aliyense ndi miphika yake kumiyendo. Awa ayi. Dzenje linali losaya, lokumbidwa mothamanga. Munali mkazi wogona chopinda, wopanda ngakhale phale, ndipo pachifuwa pake panali timafupa ta kamwana.

A Gaihua anapukuta mkono wamanzere mpaka kansungwi kanakodwa pa chinthu.

"Aphunzitsi, tabwerani. Fupali lili ndi mfundo ngati nzimbe."

A Meng anatsika, nagwada, nayang'ana nthawi yaitali.

"Linathyoka n'kupola," anatero. "Apa linathyokanso n'kupolanso. Nthitizi nazo chimodzimodzi."

"Ankagwa kawirikawiri?"

"Ayi, azakhali. Wogwa amathyoka apa, pafupi ndi dzanja, poti amatsamira pansi. Pakati apa amathyoka munthu amene wakweza mkono kuti atchinge mutu."

Kenako anaonetsa chigaza ndi burashi. Kuseri kwa khutu kunali bowo la m'mbali mwakuthwa.

"Ili silinapole. Tsiku limeneli mkono unachedwa."

A Gaihua anafunsa: "Nanga abale ake anali kuti?"

"Kutali. Mano amene tinayeza chaka chatha amaonetsa kuti amuna a pano anakulira pano, bambo ndi ana ake ndi adzukulu. Akazi anakula akumwa madzi a kwina. Zapita zaka zikwi zinayi, azakhali, musalire."

Sankalira. Dzanja lawo lamanja linali litalowa lokha m'malaya n'kugwira mkono wawo wamanzere. Mfundo inalipo, pakati penipeni, mphatso ya a Feng ya chaka cha chilala. Ndiye anakumbukira Yaling. Nyengo yotentha anabwera ndi chikhakha kumkono, akuti anagwa pa makwerero m'munda wa apongozi ake. Sanayang'ane amake m'maso. Ndipo iwo, a Gaihua, anamuuza mawu omwe amayi awo anawauza kale: pirira mwanawe, mitengo yoyandikana siilephera kukwechana. Anamumangira mazira m'kansalu n'kumukweza basi ndi manja awo omwe.

Mawa lake sanapite kudzenje. Anakwera basi kupita kwa a Qiao, kumene Yaling anakwatiwa ndi mnyamata woyendetsa galimoto ya malasha, Qiao Lei. Amake Lei anawalandirira pachipata, thupi lawo litadzaza khomo.

"Asewere, mwabwera osanena! Ana apita kutauni."

Nsapato za Yaling zinali pakhomo. Nsalu ya pazenera inagwedezeka n'kukhalanso bata. A Gaihua anaitana dzina la mwana wawo katatu. Anayankha ndi galu.

Anaimba foni, anayankha Lei. Anaimbanso, foni inali yozimitsa. Atabwerera kunyumba, anagwira Baoku malaya akudya.

"Pita ukamtenge mlongo wako."

"Amayi, ndi mkazi wa eni ake. Ndikafike ndi chiyani? Ndikati mafupa a m'manda anena?"

"Anena, inde! Mkazi wa m'dzenje uja akanakhala ndi mlongo wamwamuna wa mtima, bwenzi ali ndi mphika kumiyendo."

Baoku anakankha mbale natuluka. Za apolisi a Gaihua anaziganiza, koma ankamudziwa mwana wawo: akanangoti makwerero, ndipo apolisi akachoka chitseko chikanatsekedwa.

Panatsala khomo limodzi. Tsiku lachiwiri la Chaka Chatsopano mkazi aliyense wokwatiwa amapita kwa amake, ndi mwamuna ndi ana. Ngakhale banja la nkhanza bwanji silingakanize, mudzi ungaliseke. Koma mwambo womwewo uli ndi mchira wake: abwerere dzuwa lisanalowe. Akaona nyale ya kwawo itayaka masiku amenewo, amati tsoka limagwera mlongo wake, chuma chimathawa m'nyumba.

Nthaka inauma gwa ndi chisanu, kukumba kunatsekedwa. A Gaihua anaika okha mafupa a mkazi uja m'bokosi, kamwana pambali pake. Ndiye anayamba kudikira. Masiku makumi asanu ndi atatu kudza anayi. M'mawa uliwonse ankang'amba tsamba la kalendala. Foni ikalira m'nyumba, ankaithamangira. Akatseka maso ankaona bowo lija kuseri kwa khutu. Anaonda mpaka mphete inagwa yokha m'madzi otsukira mbale.

Masana ankakwera kumtunda, akuti kukaona mitsuko ya kabichi wa mchere. Anasesa nyumba yakale ija, anamata ming'alu ya kang, bedi lathu la njerwa loyatsa moto kunsi, anamata pepala latsopano pazenera. Anasenza mapesi ndi malasha pang'onopang'ono, mtanga umodzi patsiku, mpaka msana unakana.

Tsiku linafika. Msewu unali wofiira ndi zinyalala za makombola. Lei anatsika m'galimoto atanyamula mabotolo awiri ndi mabokosi awiri a makeke, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Apongozi, chaka chabwino! Mwachepa thupi, kodi mafupa aja akukudyani?"

Kumbuyo kwake kunali Yaling, mpango utakulunga khosi, atagwira kamwana kake Tingting, ka zaka zinayi. Anali moyo.

Amuna atakhala pa mowa, a Gaihua anamukokera Yaling kukhitchini. Sanafunse kanthu. Anapinda malaya ake n'kuyendetsa zala pa mkono monga amachitira m'dzenje, pang'onopang'ono, kuyambira pachigongono. Mfundo imodzi. Ina pafupi nayo, yatsopano, Yaling anabweza mpweya ataikhudza. Anakweza tsitsi. Kuseri kwa khutu kunali chilonda chouma, chotalika ngati chala.

"Chitseko cha kabati," Yaling ananong'ona.

"Ndawerenga mafupa zaka zinayi. Anthu akufa sandinamiza, ndiye undinamize iwe? Lero subwerera."

"Amayi, musatero. Achimwene... mwambo... Komanso akandilanda Tingting."

"Tingting ali pano. Tsiku lina lomwe mudzatuluke awiri pachipata chija ndi chaka chamawa. Udzafika?"

Yaling anangophimba mkono.

Dzuwa linatsamira phiri. Lei analiza hutala panja.

"Apongozi, dzuwa ilo! Tisakubweretsereni tsoka!"

A Gaihua anabereka Tingting kumsana, anamanga ndi mpango wa Yaling uja, natuluka. Khosi la Yaling linatsala poyera, zidindo zakuda za zala zinayi zikuoneka.

"Pita wekha, mkamwini. Mabotolo ako tenga."

Mkazi wa Baoku anaponya mbale pansi. "Amayi, mwapenga? Mukufuna nyumba ino igwe? Ifenso tili ndi ana!"

"Amayi, chonde," Baoku anatero. "Abwerere lero, mawa tikambirana ngati anthu."

"Nyale yako sayiona, usaope. Ndili ndi nyale yanga kumtunda."

Lei anatsika m'galimoto. Kumwetulira kuja kunali kutatha. "Yaling, kwera."

Ndipo Yaling, mwana wa a Gaihua, anayamba kuyenda kupita kugalimoto, mutu uli pansi, ngati mbuzi yozolowera chingwe. Apa mpamene a Gaihua anaona kuti zonse zikutha. Anathamanga ndi mwana kumsana, anagwira dzanja la Yaling, anapinda malaya awo omwe, nakanikiza chala chake pa mfundo yawo.

"Gwira! Abambo ako awa. Ndinathawira kwathu tsiku ngati lino, amayi anga anandibweza dzuwa lisanalowe. Inenso ndinakubweza ndi mazira m'kansalu. Ndinalakwa, mwananga. Ndigwade? Ndigwada pamsewu pompano."

Anagwadadi, pa zinyalala zofiira zija, Tingting akulira kumsana. Msewu unali wodzaza ndi alendo a tsikulo. A Gaihua anakweza mkono wa Yaling m'mwamba nakuwa mayina a anzawo osefa dothi.

"Amake Shuan! Amake Erwa! Bwerani muone! Mukukumbukira wa m'mphepete uja, wopanda mphika? Gwirani apa!"

Akazi aja anabwera ufa uli m'manja. Anali ataona bokosi lija likutsekedwa. Amake Shuan anagwira mkono, anayang'ana khosi, kenako anakaima pakati pa Yaling ndi galimoto. Wina anaima pambali pake, winanso pambali pa ameneyo.

"Makwerero a kwanu ali ndi zala, Lei?" anafunsa amake Shuan.

Lei anayang'ana Baoku kuti amuthandize. Baoku ankayang'ana nsapato zake. Lei analavula pansi, nati abweranso ndi abale ake, adzatenga mwana wake ngakhale pa maliro. Galimoto inanyamuka ndi fumbi.

Yaling anadzutsa amake. Anakwera kumtunda atatu, dzuwa likulowa kumbuyo kwawo.

Musaganize kuti nkhani inathera pomwepo. Lei wabwera kale katatu, ulendo wina ndi amalume ake awiri. Mlandu wa banja ndi wa mwana uli kukhoti, ndipo palibe akudziwa kuti Tingting adzagwera kuti. Mkazi wa Baoku sapereka moni. Nkhumba yawo itafa mwezi wachitatu, anaima pamsewu n'kuloza kumtunda. Baoku sanalowemo m'nyumba yakale ija, koma thumba la ufa limapezeka pakhomo, ndipo mapazi ake amawadziwa ndi amake.

Kukumba kutatsegulidwa, a Gaihua anapempha a Meng kuti aike kambale m'bokosi la mkazi uja. A Meng anakana, akuti zakale sizisakanizidwa ndi zalero. Ndiye tsiku lokwirira dzenje la m'mphepete, a Gaihua anatsikamo okha n'kusiya kambale ka mapira pomwe panali miyendo yake.

Masiku ano amapita kudzenje ndi Tingting, Yaling akusefa dothi ndi akazi ena pamwamba pomwe amake angamuone. Galimoto ikamveka pamsewu, burashi imaima. A Gaihua amaimirira, mutu wokha ukutuluka m'dzenje, n'kuyang'ana mpaka fumbi lake litapitirira mudzi.