A Nakukayika ndi Mzere Wodekha

Kuchipatala amawatcha a Nakukayika. Kwa zaka khumi ndi zisanu akhala akuyang'anira makina olondola mtsempha wa kunkhope, dokotala akamachita opaleshoni anthu amene tsaya lawo limanjenjemera lokha. Chopana mtsemphawo chikachotsedwa, mzere wa pamakina umadekha.

Tsiku lina mzere unadekha msanga, dokotala n'kumwetulira. Koma a Nakukayika anayang'ana wogonetsa odwala ndi diso lam'mbali.

"Achimwene, mankhwala ofooketsa minofu aja mwawonjezera?"

"Pang'ono pokha."

"Ndiye munthuyu sanachire, mzere wangoledzera. Tidikire."

Mankhwala atatha mphamvu, mzere unayambiranso kudumpha, ndipo dokotala anabwerera pamtsempha paja.

Ngakhale kunyumba, ana akangoti zii kuchipinda, a Nakukayika mtima sukhala pansi. Amanyamuka kukatsegula chitseko.