Dimba Limene Amayi Ankapitako Masana

Ndikukumbukira fumbi. Anzanga akamakamba za ubwana wawo amatchula mango kapena mpira wa mapepala, koma ine chimene chimayamba kubwera ndi fumbi loyera la miyala, lija linkatikhala m'nsidze ndi m'mphuno ku Kalingalinga, komboni yathu, m'mbali mwa msewu momwe amayi ankaphwanya miyala. Ankakhala pansi atatambalala, mwala atauika m'kamkombero ka tayala kuti usathawe, hamala ili m'dzanja, kuyambira m'mawa mpaka mkono utakana. Azibambo ankawotcha matayala pathanthwe kuti ling'ambike, ndiye utsi wakudawo unkasakanikirana ndi fumbi, moti ukalavula malovu ankatuluka a mitundu iwiri. Bambo anamwalira ndili wakhanda, choncho miyalayo ndiyo inkatidyetsa, ine ndi amayi.

Dzuwa likafika pamutu, amayi ankaika hamala pansi, n'kupukuta manja pachitenje, n'kutseka maso. Sankagona, komanso sankapemphera, chifukwa milomo sinkagwedezeka. Anzawo onse ankadziwa. Wogula akabwera ndi wilibala nthawi imeneyo, mayi wapafupi ankamuuza kuti, "Yembekezani pang'ono, bamake Zelipa bali ku dimba." Munthuyo ankayang'ana uku ndi uku kufunafuna dimbalo, pamene ponseponse panali miyala, maminibasi ndi galu wowonda atagona pamthunzi wa mulu wa mchenga. Kunena zoona, ine zinkandichititsa manyazi. Ndinkaganiza kuti dzuwa lawalowa m'mutu amayi anga.

Chaka chimene ndinali mu Giredi 7 ndinali ndi vuto langa. M'kalasi ndinkakhoza bwinobwino, koma aphunzitsi akangotchula mayeso, mtima unkagunda mpaka m'makutu, m'manja n'kunyowa, zilembo n'kuyamba kuyendayenda papepala ngati nyerere. Mayeso athu ankafuna kuti usankhe yankho n'kudetsa kabokosi kake ndi pensulo. Pa mayeso oyeserera ndinakhala nthawi yonse ndikuyang'ana funso loyamba, ndipo pepala ndinalibweza lili lonyowa ndi thukuta, timabokosi titatu tokha todetsedwa.

Nkhaniyo inafika kwa ba Anti Jesi, mlongo wa malemu bambo, amene ankakhala ku Kaunda Square. Iwowa anali munthu wosachedwa kupeza mankhwala a vuto la wina. Poyamba anati ndi ziwanda, n'kunditengera kumapemphero komwe anandikuwira m'makutu mpaka ndinatuluka mtima ukugunda kuposa mmene ndinalowera. Zitakanika, anati mwanayu sukulu yamukana, ukaipa dziwa nyimbo, ndipo anali atapeza kale banja lina ku Kabulonga lofuna mtsikana wolera mwana. Ndikangolephera mayeso enieni, Januwale ndikayambe ntchito. Ine ndinkamva zonsezi kuseri kwa katani yogawa chipinda chathu, ndikudikira kuti amayi akane. Sanakane. Anangoyang'ana manja awo ong'alukang'aluka aja, ali otopa moti ngakhale mphamvu zokanganirana analibe. Ndinawakwiyira kwambiri tsiku limenelo.

Loweruka lotsatira ndinali kuwathandiza kuwunjika miyala. Nthawi ya dimba itakwana, anandikoka diresi.

"Nkhala pansi. Lelo tiyenda tonse."

Ndinafuna kuthawa, poopa kuti anzanga a kusukulu angadutse n'kundiona, koma dzanja lophwanya miyala likakugwira suthawa. Ndinatseka maso, iwo n'kuyamba kundiyendetsa ndi mawu otsika. Anati dimba la kwathu ku Katete lili kumunsi kwa mudzi. Choyamba uchotse nthambi ya minga yotseka pachipata, pang'onopang'ono, ingakubaye. Uvule patapata, uponde matope ozizira, uwamve akulowa pakati pa zala. Kumanja kuli mizere ya repu, kumanzere nzimbe zikukhulana masamba mphepo ikamadutsa. Pakati pali chitsime, ndipo pamwala wa m'mbali mwake pamakhala chule wamkulu, waulesi, amene sasuntha ngakhale umuwaze madzi. Umupatse moni, utunge madzi ndi manja, usambe kumaso, upume katatu. Kenako uthyole tomato mmodzi, ununkhize fungo la masamba lotsalira m'zala, ubwerere. Malamulo analipo awiri. Usatengeko munthu aliyense wa mukomboni, ndipo usachedweko, chifukwa miyala siidziphwanya yokha.

Ulendo woyambawo sunayende. Ndisanafike n'komwe pa repu, kondakitala wa minibasi anali atalowa kale m'dimbamo akukuwa kuti tauni, tauni. Ulendo wachiwiri ndinafika pachitsime, koma pamwala wa chule ndinapeza ba Anti atakhalapo ndi chikwama chawo. Amayi nditawauza anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anati ndiwatulutse mwaulemu n'kubwezera minga pachipata. Tinkapita tsiku lililonse ndikaweruka. Patapita milungu ingapo ndinayamba kumva kuzizira kwa matope kumapazi, ngakhale ndinali nditakhala pafumbi lotentha.

Mayeso enieni anabwera kukutentha koopsa, malata a kalasi akulira okha. Wotiyang'anira anali mphunzitsi wa sukulu ina, bambo wonenepa wosasiyana ndi kansalu kopukutira thukuta. Atangonena kuti yambani, zonse zija zinabwera. Mtima, thukuta, nyerere papepala. Ndinaona khitchini ya ku Kabulonga, ndinaona mwana wa eni ake ali kumsana kwanga, ndipo ndinatsala pang'ono kulira. Ndinaika pensulo pansi mmene amayi ankaikira hamala, n'kutseka maso. Ndinachotsa minga. Ndinavula nsapato. Chule ndinamupeza pamalo ake, ndinasamba kumaso, ndipo ndikuthyola tomato ndinamva chala chikugogoda desiki.

"Iwe mwana, ugona mu mayeso?"

"Iyayi ba ticha, nenze ku dimba."

Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka, moti bambo uja anachita kuopseza kuti atitulutsa tonse. Dzina loti Wakudimba linandimata mpaka ku sekondale. Koma m'manja munali mutauma, zilembo zinali zitaima pamalo ake, ndipo funso loyamba linali la zinthu zimene ndinkazidziwa. Ndinadetsa kabokosi koyamba, kenako kachiwiri, mpaka pepala linatha. Sindinakhoze mochititsa kaso, ayi, koma zotsatira zitatuluka dzina langa linalipo. Ba Anti anauza aliyense kuti mapemphero awo ndiwo anagwira ntchito, ndipo amayi sanatsutse.

Ku Katete ndinakafikako ndili wamkulu kale, pa maliro a malume. Mwambo utatha ndinapempha achibale kuti andionetse dimba la amayi. Anayang'anana, kenako anaseka. Anati banja lathu silinakhalepo ndi dimba, munda wathu uli pachitunda cha miyala yokhayokha, madzi amakatunga kutali, ndipo amayi anachoka pamudzipo akadali kumsana. Ndinakwera basi yobwerera mtima ukuwawa ngati munthu woberedwa. Nditafika ndinawafunsa ndisanavule n'komwe nsapato.

Anandiyang'ana osachita manyazi ngakhale pang'ono. "Manje wenze kufuna nikupase chani? Munda nenze nilibe, nyumba yenze ya bene. Ija dimba ninalima neka mumutu, mzere umozi umozi." Ndinafunsa za chule. Anati ameneyo yekha ndiye anali weniweni, ankakhala m'ngalande ya kuseri kwa nyumba yathu, ndipo anangomusamutsira kumalo abwino.

Zinthu zasintha tsopano. Pamene tinkakhala ndi mahamala pali mipanda ndi mashopu, ndipo miyala yambiri amaphwanya ndi makina. Ine ndine mphunzitsi ku Mtendere, kalasi yodzaza mpaka pakhomo, ndipo pofika kunyumba mawu amakhala atatha, miyendo italemera, mabuku osachonga ali m'chikwama. Ndatopa, sindibisa. Aphunzitsi anzanga achinyamata akatopa amatulutsa mafoni n'kumaonera mathithi a kumayiko ena, ndipo batire ikatha mathithinso amatha. Sindiwaseka, aliyense amapumira pomwe wapeza. Ine belu likalira, ana n'kutuluka, ndimatsamira tebulo n'kutseka maso pang'ono. Anzangawo anazolowera, sandifunsanso.

Amayi ndikukhala nawo. Fumbi lija silinapite ndi miyala, linatsalira m'chifuwa mwawo. Mankhwala a kukiliniki amamwa, koma pali masiku ena mpweya umawathawa, ndiye mantha amawagwira, maso n'kutuzuka, ndipo manthawo amatsekanso kampweya kotsalako. Sabata yatha masana ndinawapeza ali choncho, atagwiritsa mkono wa mpando. Nditawapatsa mankhwala anandikoka diresi, mmene anandikokera kale kuja, koma dzanja lawo lopanda mphamvu.

"Zelipa, njila nayiibala."

Anali ataiwala njira ya ku dimba. Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza kuti atseke maso. Lamulo lija losatengako munthu wa mukomboni tinaliphwanya kalekale, ife awiri. Ndinawachotsera minga pachipata, pang'onopang'ono. Ndinawavula patapata n'kuwapondetsa matope. Tinadutsa repu kumanja, nzimbe kumanzere, ndipo ndinkamva kupuma kwawo kukutsika pang'ono ndi pang'ono. Koma ine ndinali ndi mantha anga, ndinkafulumira, moti titafika pachitsime ndinangoti tungani madzi, sambani kumaso. Anandifinya dzanja, maso ali chitsekere.

"Wajumpha chule," anatero.

Tinabwerera kukamupatsa moni. Anali pomwepo pamwala wake, sanasunthe.