Kaminibasi Kachikasu M'tauni ya Kamawaya

Mwana wa mlongo wanga, amene timamutcha Kamawaya, kompyuta ndinamuphunzitsa ndine ali ndi masiku atatu okha. Chabwino, limenelo ndi bodza. Ine ndinali dalaivala wa minibasi, ndipo foni yangayi ikavuta amanditsegulira ndi iyeyo.

Kamawaya anakula akumasula chilichonse chokhala ndi sikuluwu. Wailesi ya bambo ake inafa kasanu. Lero amaphunzitsa anthu kuteteza makompyuta kwa akuba olowera pa intaneti. Kuntchito kwake anamanga tauni yathunthu m'makompyuta asanu olumikizana: misewu, maloboti, timagalimoto tikuyenda pa sikirini yaikulu ngati chitseko. Iye amakhala wakuba, n'kumasokoneza malobotiwo mobisa, ophunzira n'kumamusaka.

Koma madalaivala a m'tauniyo anali angelo. Aliyense ankaima pofiira, panalibe wolanda mnzake njira. Kagalimoto kamodzi kakangokhota molakwika, ophunzira ankadziwiratu kuti wakuba walowa, n'kumugwira tiyi asanazizire. Abwana ake anati, "Izi ndi zidole. Zikakhalabe chonchi Lachisanu, maphunzirowa titseka."

Mlungu umenewo mwana anayamba kundikonda modabwitsa. "Amalume, mundiperekezeko kuntchito pa galimoto yanu." M'mawa uliwonse ankakhala phee pambali panga, foni ili m'manja, akumwetulira. Ine n'kumati koma mwanayu ulemu!

Lachisanu anandiitana kuti ndikaonerere. Pa sikirini panali kaminibasi katsopano kachikasu. Kankaima pakati pa msewu, kubwerera chafutambuyo pamphambano, kudutsa pofiira ngati kakuthamangitsidwa ndi njuchi. Ophunzira analimbana nako mpaka masana, thukuta lili kamukamu, akukuwa kuti "Wakuba uyu!" pomwe wakuba weniweni, Kamawaya, anali atalanda kale maloboti onse a mbali ina. Abwana anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kunena kuti kalasi ina iyambe Lolemba.

Ine ndinapukusa mutu. "Dalaivala ameneyu ngofunika kumulanda laisensi. Ine zaka makumi atatu pamsewu, loboti lofiira sindinalidutsepo. Maloboti ankachita kundipatsa moni."

"Zoona, amalume?"

"Funsa aliyense."

Kamawaya anadina batani, kaminibasi kaja n'kudzaza sikirini yonse. Pamalo pa nambala panalembedwa kuti AMALUME.

"Foni yanga inkajambula ulendo uliwonse," anatero. "Lachiwiri lokha munadutsa ofiira anayi. Awiri ndinachotsako, kuopa kuti ophunzira anganene kuti ndakokomeza."