A Felton ndi Gemu ya Tikondwe

A Felton ali ndi kashopu ka malata pamsika wa Nachisaka, momwe amatchaja mafoni ndi sola n'kumaikira anthu nyimbo ndi magemu. Koma chimene anatchuka nacho mpaka ku Ntchisi ndi pakamwa pawo. Gemu iliyonse amayamba aisewera okha mpaka kumapeto, makamaka tija tifupitifupi ta zombo zopita ku nyenyezi, ndipo akangoti "izi ndi zinyalala," palibenso amene amaifuna.

Muyeso wawo ndi wakumudzi. Gemu yabwino ithe batire lisanathe, poti kumidzi kulibe potchajira. Isadye bandulo. Ndipo ukaimaliza uyambe wakhala duu usanabweze foni m'thumba. "Zitalizitali zija n'zachinyengo," amatero. "Amangothira madzi m'ndiwo kuti zioneke zambiri."

Bambo awo anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, mkulu wa mpingo wosaseka ndi mwana, ndipo anawasiyira lamulo loti mwana sayamikiridwa pamaso, amadzikuza. A Felton atakhala nambala 2 m'kalasi, mkuluyo anangofunsa kuti woyambayo ali ndi mitu ingati. A Felton amati nkhanza imeneyo ndi imene inawasandutsa munthu. Kaya.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tikondwe, anakaphunzira zopanga mapulogalamu apakompyuta ku Dzaleka, pamodzi ndi achinyamata a ku Congo ndi ku Burundi. Chaka chomwe anamaliza, azakhali ake a Lidia, amene amagwira ntchito zam'nyumba ku Joni, anabwera kudzacheza ndipo anati amutenga. Tikondwe anafika kushopu n'kuika foni pathebulo.

"Ababa, ndapanga gemu. Muiweruze ngati ya mlendo. Mukati ndi yabwino, nditsala ndipitirize. Mukati ayi, ndikwera basi ndi azakhali."

Atachoka, a Felton anaiyatsa. Munali mtsikana yekhayekha m'chombo, atanyamula mbewu ya chimanga chamakolo kupita nayo kudziko lakutali, mafuta ali ochepa. Akazemba miyala yam'mlengalenga ankatsegula wailesi kuitana kwawo, koma kunkangomveka phokoso. Gemu inatha batire lisanafike n'pakati pomwe. A Felton anakhala duu mpaka kasitomala anachita kumenya thebulo.

Anathamangira kwa a Sabiti a golosale, mnzawo wa bawo. "Achimwene, mwana uja wapanga chinthu! Chiyambire ntchito ino sindinaonepo yotere." A Sabiti anati, "Ndiye kamuuzeni." A Felton anaseka. Amuuze kuti atupe mutu? Anadziuza kuti mwanayo ndi magazi awo, akamukhwimitsira achita makani, atsala kuti awaonetse.

Kunyumba anamupeza akusenda mbatata. "Miyala ija ikubwera mofanana," anatero. "Kaphokoso ka injini n'konyansa. Nanga wailesi ija bwanji siyankha?"

"Siyankha basi, ababa."

"Ndiye ukonze."

Tikondwe anadikira kuti mwina pali mawu ena. A Felton anapempha madzi osamba. Ha, munthu wamkulu ndithu, mawu ali pakhosi, n'kukasamba nawo! Lachisanu mwanayo anabweza laputopu yobwereka ku Dzaleka, ndipo Lolemba anakwera basi.

Papita zaka tsopano. Tikondwe amakolopa m'nyumba za eni ake ku Joni, ndipo akaimba foni amafuna amayi ake, a Rakele. A Felton amaika gemu ija mufoni iliyonse yobwera kudzatchajidwa, mwini wake afune asafune. Ana a ku Nachisaka amaidziwa pamtima. Magemu atsopano saaweruzanso, amangoti tengani imene mwakonda, moti achinyamata anayamba kupita kushopu ina.

Mwezi wathawu a Rakele akulankhula ndi mwanayo, a Felton anapempha foni. Mtima unkawawa ndi chisoni cha zaka zonsezo.

"Tikondwe, gemu ija inali yabwino. Inaposa zonse zimene ndinasewerapo."

Kunkangomveka phokoso la netiweki. Kenako mwanayo anayankha mwaulemu, ngati akuyankha mlendo.

"Zikomo, ababa. Zija ndinaiwala kale. Apatseni amayi foniyo, abwana akundiitana."