Mphukira ya Kuseri kwa Mgolo

Amuna anga ndi ometa tsitsi, ndipo nsanje yawo ndi yakale kuposa ukwati wathu. Si nsanje ya chikondi ayi, ine ngakhale nditacheza ndi amuna msika wonse sangatembenuke. Nsanje yawo ndi ya mtengo wa mapeyala wa mng'ono wawo.

Nyumba yathu ndi ya alamu anga, omwe amayendetsa basi, zinayandikana, pakati pali mpanda wa njerwa wolekeza m'chifuwa. Malowo anagawa ndi apongozi anga aamuna, ndipo pogawapo anapatsa mwana aliyense mtengo. Alamu analandira mbande yogula, yomezanitsa kale, ya m'chubu chakuda, kapepala ka dzina kali lende. Amuna anga, oyamba kubadwa, analandira kamtengo koonda komera m'chitini cha penti, nthanga yake yofesa madalawo. Apongozi sanali munthu wa mawu ambiri. Anangoti, "Uwu ndi wako," basi.

"M'chitini cha penti!" Mawu amenewa ndawamva mpaka makutu kuwawa. Munthu amalowa m'shopu mwawo kudzametetsa ndevu, potuluka akudziwa mbiri yonse ya chitinicho.

Mtengo wa alamu sunachedwe kubereka. Mapeyala ake ankalendewera mpaka mbali yathu, onenepa, osalala. Wathu unkangotalika, masamba okhaokha, duwa ngakhale limodzi ayi. Madala anamwalira usanabereke. Amuna anga akaweruka ankaima pampanda, manja kumbuyo, n'kumati, "Ukuona? Ali m'manda koma akundiuzabe kuti ankakonda ndani." Alamu akatitumizira mapeyala, iwo sankalawa, ati amawatsegula m'mimba. Ine ndi ana tinkadya mpaka kunyambita supuni.

Tsiku lina masana, alamu ali paulendo, amuna anga anatseka shopu msanga. Kasitomala wina anali atawafotokozera mmene amamezanitsira mitengo. Anadula ndi lumo tinthambi ta alamu todutsa mpanda, n'kucheka mtengo wathu ndi sowo polekeza m'chiuno, n'kusomeka tinthambito pachitsapo. Pa lumo manja awo ndi odalitsika, zimenezo sindingawamane. Tinthambi tonse tinagwira. Mtengo utayamba kubereka, anauza mzere wonse kuti wadzuka wokha, ndiponso kuti mapeyala ake akuposa a kuseriko kutalitali. Ine lilime langa silinkamva kusiyana, koma ndinali ndi ukwati woti ndisunge.

Chitsa chija sichinagonje msanga. Chinkatulutsa mphukira m'munsi mwa pomezanitsa paja, masamba ake aang'ono, osiyana ndi a pamwamba. Wometa saona tsitsi losokonekera n'kulisiya, ndiye iliyonse ikangosuzumira ankaimeta ndi lumo mpaka khungwa kusalala. Ankati zimalanda chakudya cha zipatso. Ine ndinkadziwa kuti ankaopanso kuti ziwaulula. Zaka zitapita, mphukira zinayamba kusowa.

Kenako mumsewu mwathu munalowa matenda. Mitengo ya mapeyala inkachita chikasu, kuyoyola masamba, n'kuuma kuyambira kunsonga. Wa alamu nawo unayamba kuthothoka. Wathu unali biriwiri, ndipo amuna anga ankayenda chifuwa patsogolo.

Ndi nthawi imeneyo pomwe kunabwera mayi wina wofufuza za mbewu, atanyamula bokosi loziziritsa. Ankalowa nyumba ndi nyumba, kudula masamba ndi kutapa dothi la pamizu m'timatumba.

"Masambawo mukakaphike?" anafunsa amuna anga.

"Ayi bambo," mayiyo anaseka. "M'tsamba lililonse muli DNA, malangizo omwe mtengo umabadwa nawo. Ku labu timayang'ana malo angapo m'menemo ngati zizindikiro. Mitengo ya mtundu umodzi zizindikiro zimafanana, yachilendo zimasiyana. M'dothili tikufuna tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe tikuoletsa mizu, nato tidziwe ngati tili mtundu umodzi kapena ingapo."

"Ndiye mudzanena kuti wabwino ndi uti, wangawu kapena wa kuseriko?"

"Ife sitiyeza ubwino, bambo, timayeza kusiyana."

Iwo anamva zawozawo. Kwa iwo mlandu wa chitini unali utapeza woweruza.

Potapa dothi, mayiyo anasuntha mgolo wanga wa madzi womwe unatsamira mtengowo. Kuseri kwake kunali mphukira imodzi, yotalika ngati dzanja, yomwe lumo linaiphonya. Anabudulako tsamba n'kuliika m'kathumba kakekake. Amuna anga anachita manyazi ngati kasitomala watuluka ndi tsitsi kuseri kwa khutu. Mlendo asanafike n'kugeti komwe, mphukira inali pansi.

Mayiyo anabweranso mvula itatha. Mtengo wa alamu unali utauma, eni ake atatsamira mpanda kumvetsera. Anatsegula kompyuta yake pakhonde n'kutionetsa chithunzi cha timizere tosanjikizana.

"Wa kuseriko ndi mtundu wamba," anatero. "Mumsewu muno pafupifupi yonse ndi yomweyo."

"Wamba!" Amuna anga anaomba m'manja. "Wamva iwe? Wamba!"

"Nthambi zanunso ndi zomwezo, bambo. Onani, timizere take tikufanana ndendende."

Ine ndinayang'ana zala zanga zakumapazi.

"Ndinkadziwa, achimwene," alamu anatero mosakweza mawu. "Mabala a lumo lanu ndinawaona panthambi nditangobwera."

Mayiyo anapitiriza ngati sanamve. "Koma tsamba la kuseri kwa mgolo lija silikufanana ndi mtengo wina uliwonse womwe tayeza. Tizilombo tomwe tapha wa kuseriko m'dothi lanu tilimonso, koma mizu yanu sikuola. Sitinatsimikize, komabe tikuganiza kuti mphamvu ili m'chitsamo. Tabwera kudzapempha mphukira ija, tikaichulukitse."

Ndine ndinasuntha mgolo. Panali chipsera chosalala, ntchito ya katswiri.

Mayiyo atapita, alamu anakhalabe pampanda. "Nthanga imeneyo bambo anakaitenga pamtengo wa amayi awo, atamva kuti ukugwetsedwa pokuza msewu. Anabwera ndi imodzi yokha, n'kupatsa inu. Ine anangondigulira mbande pamsika potsika basi. Mukuganiza kuti sizinandiwawe?"

"Bwanji sunandiuze?"

"Mumandipatsa mpata, achimwene? Ndikangoti bambo, inu mwayamba kale za chitini."

Amuna anga anakhala pansi pa sitepe. Ndinawamvera chisoni, chenicheni, chifukwa zaka zonsezo ankalirira chinthu chomwe anapatsidwa, n'kuchidula okha ndi sowo. Ndinaganiza kuti mwina lero abalewa agwirana chanza. Koma atadzutsa mutu, ndinaona nkhope ija ndimaidziwa.

"Iweyo unadziwa bwanji zonsezi?"

"Ndine ndinawaperekeza."

"Ndiye peyala lake unalilawa?"

"Tinagawana ndi bambo pansi pa mtengo pomwepo. Nthanga yake ndi imeneyo."

"Linali bwanji?"

Alamu akanatha kunama, koma nawonso ndi mwana wa nyumba yomweyo. "Sindinadyenso lina lotero," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo lumo limagona kushopu. Mgolo wanga anausamutsira kukhitchini, ndipo ana akayandikira mtengo ndi mpira amakalipiridwa. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito, amuna anga amagwada pachitsa paja n'kumapapasa khungwa ndi zala, kufuna kamene katupa. Mpaka lero sichinaphuke. Pamwamba pa mutu wawo mapeyala a mng'ono wawo akukhwima n'kumagwa, ndipo iwo satola.