Mtsinje umene Yamiko sanauonepo

Yamiko Nkhoma anabadwira ku Chilobwe, ndipo ayisi ankangomudziwira mufiliji. Lero ali ndi zaka 34, amakhala ku Woolwich, m'dziko la Angelezi, ndi mwamuna wake Felton, namwino wa pachipatala cha ku Lewisham. Ntchito yake, mu kaofesi kena ku Greenwich, ndi kuyeza mmene ayisi wa paphiri lina ku Nepal akusungunukira.

Phirilo sanalipondepo. Anzake ndiwo amapita kukaboola ayisiyo n'kuzikamo mapaipi achitsulo. Chaka chikatha amayeza kuti paipi yatulukira motalika bwanji, ndiye kuti ayisi wochuluka choncho wapita. Kumunsi, mumtsinje, anaikamo kachipangizo kotumiza manambala ola lililonse, osonyeza pamene madzi afika. Mphunzitsi wina wa m'mudzi wapafupi ndi amene ankakasamalira. Yamiko ankamudziwa pa WhatsApp basi, koma ankafunsana za ana ngati achibale.

Lachiwiri lina mu Julayi, atangofika muofesi, anaona kuti madzi akwera mita imodzi ndi theka m'maola awiri. Kenako manambala anasiya kubwera.

Anathamangira kwa bwana wake, mayi wachingelezi amene wakalambira pantchitoyi.

“Mwina mwala wagunda kachipangizoko,” anatero mayiwo. “Zimachitika. Komabe imbani foni.”

Anaimba kasanu ndi kawiri, foni ya mphunzitsi uja osalowa. Mu 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche, anaimbiranso chonchi kwa mchimwene wake Biswick, tsiku lonse, foni osalowa. Thupi lake analipeza patatha masiku anayi.

Madzulo Felton anamupeza atakhala pansi m'khichini, laputopu pamiyendo, jekete asanavule.

“Iwe Yami, wadya chiyani lero?”

“Ndinaona madzi akukwera, Felton. Ndinangowaona pa sikirini. Anthu ali uko, ine ndili m'sitima ya DLR.”

“Ukanatani nanga? Ukanatseka madziwo ndi manja?”

Yamiko anatseka laputopu ija.

Uthenga unafika Lachisanu. Dziwe limene linapangika m'munsi mwa ayisi linaphulika, madzi n'kukokolola mlatho, minda ya mbatata ndi nyumba zisanu. Mphunzitsi uja anali moyo, anathawitsa ana asukulu kumtunda atamva mkokomo. Azimayi awiri amene ankachapa sanapezeke.

Yamiko analemba lipoti la masamba khumi ndi awiri, kupempha kuti m'mudzimo muikidwe belu lomalira lokha madzi akakwera mwadzidzidzi. Akuluakulu anamuyankha kuti nkhaniyo ikambidwa pamsonkhano wa mu Novembala. Kutchalitchi amayi ena amamufunsabe moseka kuti, “Ayisi wanu uja akupeza bwanji?” Iye amangomwetulira, n'kupitiriza kupanga tiyi.